Mayeso Ati Oti Mulembe Pofuna Malo ku Mayunivesite Ovuta Kulowa? Mafunso ndi Mayankho

Mu 2024, pa anthu 100 aliwonse amene anapempha malo ku Harvard, amene anatengedwa sanafike ngakhale 4. Ku MIT, Yale ndi Princeton mpikisano ndi womwewo, ndipo ku Oxford ndi Cambridge ambiri mwa amene amabwezedwa ndi ana amene kusukulu kwawo ankangokhala nambala wani. Pamene aliyense ndi wanzeru chonchi, kusankha mayeso oti munthu alembe kumasanduka nkhani yaikulu. Zimandipweteka mtima kuona mwana wakhama atataya chaka chathunthu ndi ndalama za makolo pa mayeso amene palibe anamufunsa, n'kusiya amene akanamuthandiza. Mafunso otsatirawa ndi amene ophunzira ndi makolo amafunsa kawirikawiri.

Achibale amene anaphunzira ku America akuti ndilembe SAT Subject Tests. Ndikalembetse kuti?

Kulibe kolembetsa, chifukwa mayesowo anatha. Bungwe la College Board, lomwe limawayendetsa, linalengeza pa 19 Januwale 2021 kuti lawathetsa. Ku America anasiya pomwepo, ndipo kumayiko ena omaliza analembedwa mu Juni chaka chomwecho. Achibale anuwo sakukunamizani, akungonena za nthawi yawo. Kale analipo mayeso 20 a mtunduwu, a masamu, sayansi, mbiri yakale, zolembalemba za Chingelezi ndi zilankhulo zina. Pepala lililonse linali la ola limodzi ndipo malikisi ankayambira 200 kulekezera 800. MIT inkafuna awiri, limodzi la masamu ndi lina la sayansi. Mabuku okonzekera mayesowa akadapezekabe pamsika wa mabuku akale, choncho mukaona buku lolembedwa Math Level 2 kapena SAT II, dziwani kuti lingakuthandizeni kunola masamu chabe, koma kulibe holo imene mudzakalembemo pepalalo.

Chimene sichinathe ndi funso limene mayeso aja ankayankha: kodi mwana uyu phunziro limene akuti amalikonda akulidziwadi mpaka pati? Funsoli lero likuyankhidwa ndi mayeso ena.

Mayeso enawo ndi ati?

Alipo a mitundu itatu, ndipo anthu ambiri amawasakaniza.

Oyamba ndi omalizira sekondale: A Level, IB, AP, kapena mayeso a dziko monga MSCE. Awa ndiwo amayesa phunziro palokha, kemistiri payekha, mbiri yakale payokha.

Achiwiri ndi SAT ndi ACT a ku America, amene sayesa phunziro limodzi mozama. Amangoona ngati munthu amawerenga momvetsa, amadziwa kalembedwe ka Chingelezi, ndiponso ngati masamu a kusekondale anawagwira bwino.

Achitatu ndi mayeso apakhomo amene mayunivesite ena a ku Britain amafuna pa maphunziro ena, monga UCAT kwa ofuna udokotala ndi LNAT kwa ofuna zamalamulo.

Palinso IELTS, TOEFL ndi Duolingo English Test, koma awa ntchito yake ndi kungotsimikizira kuti mudzatha kumva mphunzitsi m'kalasi. Kuwakhoza bwino koposa sikupatsa munthu malo.

Ngati ndinakhoza bwino kusukulu kwathu, mayeso ena owonjezera ndi a chiyani?

Tangoganizani munthu amene akuwerenga pempho lanu. Ali muofesi ku Massachusetts kapena ku Connecticut, kunja kukuzizira, pakompyuta pake pali mapempho ochokera ku India, Brazil, Kenya, Vietnam, ndipo lanu lafika pakati pa tsiku atatopa kale. Akuona kuti aphunzitsi anu anakupatsani 92 pa masamu. Sukulu yanu sanaimvepo. Sakudziwa ngati aphunzitsi anuwo ndi owolowa manja kapena ouma pochonga, ndipo sakudziwa ngati 92 ameneyu ndi wa masamu ofanana ndi a mwana wa ku Singapore amene pempho lake wangolitseka kumene. Iyeyo sakukukayikirani mwankhanza ayi, koma alibe poyezera.

Pabwalo la amfumu, mawu a mwini mlandu ndi a abale ake amamvedwa, koma nkhani imalemera pakaimirira mboni imene ilibe mbali ndipo inaona ndi maso. Mayeso ochongedwa kunja kwa sukulu yanu ndiwo mboni yoteroyo. Ndipo mboni imafunika kuti ikhale yoti inaona nkhani imene ikukambidwayo, osati ina. Ngati mukupempha uinjiniya, chikayiko cha wowerengayo chili pa masamu ndi fizikisi. Kumubweretsera giredi yapamwamba ya phunziro la zamalonda sikuchotsa chikayikocho, ngakhale giredi yake itakongola bwanji.

N'chifukwa chake ndimanena kuti mayesowa amathandiza kwambiri mwana wochokera ku sukulu yosadziwika kuposa wa ku sukulu yotchuka. Amene akuchokera ku sukulu imene chaka chilichonse imatumiza ana ku Yale, dzina la sukuluyo limamulankhulira kale. Wa ku sukulu ya kumudzi alibe womulankhulira kupatula pepala lake. Ku Dartmouth, akatswiri a pa yunivesite yomweyo atafufuza za zaka zimene SAT inali yosakakamiza, anapeza kuti ana ena ochokera m'mabanja osauka ankabisa malikisi amene akanawathandiza kupeza malo, poganiza kuti ndi ochepa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Dartmouth inabwezeretsera lamulo la mayeso mu Febuluwale 2024.

Ndiyambire pati posankha maphunziro a A Level kapena IB?

Yambirani kumapeto. Musayambe ndi funso loti phunziro losavuta ndi liti, kapena loti anzanga akutenga chiyani. Tsegulani tsamba la yunivesite imene mukuilota, pezani kosi yeniyeniyo, werengani zimene akufuna, kenako bwererani m'mbuyo mpaka pamene muli lero. Chitani chimodzimodzi ndi mayunivesite anayi kapena asanu, ndipo lembani m'kope maphunziro amene akubwerabwera.

Ku Britain nkhaniyi ndi yosanyengerera, chifukwa munthu amapempha kosi imodzi kuyambira tsiku loyamba. Ofuna uinjiniya ku Cambridge ayenera kukhala ndi masamu ndi fizikisi pa A Level, ndipo Further Mathematics amalimbikitsidwa kwambiri. Ofuna digiri ya masamu kumeneko ayenera kukhala ndi Mathematics ndi Further Mathematics onse awiri. Udokotala pafupifupi kulikonse umafuna kemistiri, ndipo masukulu ambiri amafunanso bayoloje. Chimene chimadzidzimutsa ambiri ndi digiri ya zachuma. Mwana amasankha Economics, Business ndi Accounting poganiza kuti wakonzekera bwino, n'kukapeza kuti London School of Economics ikufuna A* pa masamu, ndipo phunziro la Economics lenilenilo si lokakamiza. Zamalamulo nazo sizifuna kuti munthu akhale ndi A Level ya Law. Chimene amayang'ana ndi maphunziro amene amaphunzitsa kuwerenga kwambiri ndi kulemba mfundo motsatana, monga mbiri yakale kapena zolembalemba za Chingelezi.

Magiredi ake ndi okwera. Cambridge kawirikawiri imafuna A*A*A pa maphunziro a sayansi ndi A*AA pa enawo. Onani kuti zilembo zake ndi zitatu. Maphunziro atatu ogwira bwino ndiwo muyezo, ndipo lachinayi limakhala ndi phindu lenileni makamaka likakhala Further Mathematics. Mwana amene wasenza asanu n'kutuluka ndi ma B wadzivulaza yekha.

Pa IB munthu amatenga maphunziro 6, atatu pa mlingo wapamwamba ndi atatu pa mlingo wamba. Lililonse limachongedwa kuyambira 1 mpaka 7, ndipo mapointi onse pamodzi amalekeza pa 45. Cambridge imafuna 41 kapena 42, ndi 7, 7, 6 pa atatu apamwamba aja, kutanthauza kuti kusankha atatuwo ndiye mtima wa nkhani yonse. Msampha waukulu uli pa masamu. IB ili ndi masamu a mitundu iwiri, Analysis and Approaches ndi Applications and Interpretation. Ofuna uinjiniya, fizikisi, zamakompyuta kapena masamu enieni ku mayunivesite ovuta ayenera kutenga woyambawo pa mlingo wapamwamba. Ana ambiri amasankha zimenezi ali ndi zaka 16, pa fomu imene amadzaza mlungu woyamba wa teremu, osadziwa kuti atseka khomo lina.

Makolo amene ali ku South Africa achenjere ndi msampha wofanana nawo. Mwana akafika Giredi 10 amasankha pakati pa Mathematics ndi Mathematical Literacy. Wachiwiriyu ndi wopepukirapo ndipo malikisi ake amasangalatsa pa lipoti, koma uinjiniya ndi udokotala ku University of Cape Town kapena ku Wits samulandira.

Ku America n'komasukirapo, popeza m'mayunivesite ambiri munthu amasankha phunziro lake lenileni atalowa kale. Komabe amayang'ana ngati munatenga maphunziro ovuta amene sukulu yanu inali nawo, kapena munawazemba.

Ine ndili ndi MSCE yokha, ndipo ndinapeza mapointi 6. Sizokwanira?

Mapointi 6 ndi chinthu chachikulu, ndipo aliyense amene anakhalapo m'holo ya mayeso a MANEB akudziwa thukuta lake. Koma tinene zoona. Mayunivesite a ku Britain amaiyika MSCE pa msinkhu wa GCSE, mayeso amene ana a kumeneko amalemba ali ndi zaka 16 asanayambe zaka ziwiri za A Level. Choncho Oxford kapena Cambridge sangakutengeni ndi MSCE yokha. Pamafunika zaka zina ziwiri za A Level kapena IB. M'dziko muno A Level imaphunzitsidwa m'sukulu monga Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi St Andrew's International High School ku Blantyre, pamene Bishop Mackenzie ku Lilongwe imaphunzitsa IB. Fizi yake mabanja ambiri sangaikwanitse. Njira zina ndi United World Colleges, amene amasankha ana kudzera m'komiti ya m'dziko lawo n'kuwatumiza kukachita IB m'sukulu monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, komanso African Leadership Academy ku Johannesburg, kumene amachita A Level. Onsewa ali ndi thandizo la fizi kwa ena mwa osankhidwa.

Ku America khomo silinatsekedwe chonchi. Kumeneko munthu atha kupempha ndi satifiketi ya dziko lake, ndipo apa m'pamene SAT yabwino imagwira ntchito yaikulu. Ngati mukadali Fomu 2 kapena Fomu 3 ndipo mtima wanu uli pa sayansi, tengani fizikisi ndi kemistiri onse awiri, komanso Additional Mathematics ngati sukulu yanu imaphunzitsa. Ndikudziwa kuti ambiri amaithawa poopa kuononga mapointi, koma mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, ndipo wowerenga wa kunja uja amafuna kuona kuti simunathawe masamu ovuta.

Chenjezo limodzi lofunika. Mukayamba digiri ku yunivesite ya kuno n'kuphunzira kwa kanthawi, mayunivesite ambiri a ku America sakuonaninso ngati woyamba kumene. Amakuikani m'gulu la osamuka kuchoka ku yunivesite ina, ndipo m'gulu limeneli malo ndi ochepa kwambiri, thandizo la ndalama nalo n'lochepa. Funsani za lamuloli musanalembetse kwina.

Ndamva kuti SAT sikufunikanso. Ndi zoona?

Zinali zoona kwa kanthawi. Mliri wa Covid-19 utatseka maholo a mayeso mu 2020, mayunivesite ambiri anati wofuna atumize, wosafuna asiye. Koma ovuta kulowa aja ambiri anabwerera. MIT inayamba mu Malichi 2022, ponena kuti mayesowa, makamaka gawo la masamu, amaithandiza kudziwa amene adzapirire maphunziro ake. Mu 2024 anatsatira Dartmouth, Yale, Brown, Harvard ndi Caltech. Komano University of California, kumene kuli Berkeley ndi UCLA, siyang'ana n'komwe SAT kapena ACT posankha ophunzira. Malamulowa amasintha chaka ndi chaka, choncho werengani tsamba la yunivesiteyo la chaka chimene mukupempha.

SAT ya masiku ano imalembedwa pakompyuta kudzera pa pulogalamu yotchedwa Bluebook. Kunja kwa America zinayamba mu Malichi 2023. Imatenga maola awiri ndi mphindi 14, mafunso ndi 98, ndipo malikisi amayambira 400 mpaka 1600. Gawo lililonse lili ndi zigawo ziwiri, ndipo mmene mwachitira m'chigawo choyamba ndi mmene zimadziwikira ngati chachiwiri chikhale chovuta kapena chopepuka. Amene wapatsidwa chopepuka sangafike pa malikisi apamwamba, choncho kuphonya mafunso osavuta koyambirira chifukwa cha mantha kumadula kwambiri. ACT malikisi ake ndi 1 mpaka 36, ndipo imadziwika ndi mafunso ambiri m'nthawi yochepa. Mayunivesite amalandira onse awiri mofanana. Yesani pepala limodzi la mtundu uliwonse wotchi ili pambali, sankhani limene mwachita bwino, linalo muliiwale.

Koma kumbukirani malire a SAT. Masamu ake safika pa kalikulasi. Ku MIT ambiri mwa otengedwa amakhala ndi pakati pa 780 ndi 800 pa masamu, kutanthauza kuti malikisi otere sakusiyanitsani ndi anzanu, amangokulowetsani m'gulu loti muganiziridwe. Umboni wa kuzama uyenera kuchokera kwina.

Kwina kwake ndi AP? Ndilembe angati?

AP ndi mayeso a College Board a msinkhu wa chaka choyamba cha ku koleji. Amalembedwa mu Meyi, zotsatira zimatuluka mu Julayi, ndipo magiredi ndi 1 mpaka 5. Munthu atha kuwalemba osaphunzira kosi yake m'kalasi, koma ayenera kupeza sukulu yovomerezeka imene ingamulole kulembera pamalo pake, ndipo kulembetsa kumachitika miyezi yambiri Meyi asanafike.

Ngati mukuchita kale A Level kapena IB, AP simukuifuna. Mu 2024 Yale inayamba kulandira zotsatira za AP kapena IB m'malo mwa SAT, ndipo Dartmouth imalola ophunzira a kunja kwa America kugwiritsa ntchito A Level, IB, zotsatira zitatu za AP, kapena mayeso a dziko a msinkhu wofanana. Kuwonjezera AP Chemistry pamwamba pa kemistiri wa A Level n'kunena chinthu chimodzi kawiri.

AP imakhala ndi phindu kwa amene ali ndi MSCE yokha ndipo akufuna kuonetsa kuti anapitirira silabasi. Kwa woteroyo, awiri kapena atatu osankhidwa bwino ndi okwanira. Wofuna uinjiniya alunjike pa Calculus BC, kapena Calculus AB ngati akuyamba kumene, ndi Physics C, imene imagwiritsa ntchito kalikulasi. Wofuna zandale kapena mbiri atenge pepala la mbiri yakale limene limafuna kulemba mayankho ataliatali. Pa mayunivesite amenewa giredi yolemera ndi 5, ndipo 4 ndi yabwino ndithu. Mapepala 7 okhala ndi ma 3 amaonetsa munthu amene anamwaza mphamvu.

Chinthu china cholimbikitsa n'chimene Caltech inachita mu 2023. Yunivesiteyi imafuna kuti wopempha akhale ataphunzira kalikulasi, fizikisi ndi kemistiri, koma inavomereza kuti pali ana amene sukulu zawo siziphunzitsa zimenezi. Inawalola kuphunzira pa Khan Academy, yomwe ndi yaulere, n'kulemba mayeso otsimikizira. Mwana wa ku sukulu yopanda labotale asaganize kuti kumeneko sadziwa kuti sukulu zotere zilipo.

Si nzeru kusankha phunziro losavuta kuti ndipeze giredi yapamwamba?

Amene amawerenga mapemphowa nzeru imeneyi anaidziwa kalekale. Mayunivesite ambiri ovuta a ku Britain sawerengera General Studies kapena Critical Thinking pa magiredi atatu amene amafuna. Maphunziro awiri ofanana kwambiri, monga Business ndi Economics, ena amawaona ngati munthu wapeputsa katundu. Chilankhulo chimene munthu anayamwira nachonso sichilemera. Mwana amene anakulira ku Tete akulankhula Chipwitikizi tsiku lililonse akapeza A* pa A Level ya Chipwitikizi, mayunivesite ena saiwerengera m'gulu la zitatu zija. Aiwonjezere ngati yachinayi, koma asaidalire.

Sindikunena kuti munthu adzikakamize phunziro limene amadana nalo pofuna kuoneka wanzeru. Phunziro limene mumalikonda mumaliwerenga ngakhale magetsi atazima, ndipo giredi imatsatira. Mukakwaniritsa zimene kosi yanu ikufuna, malo otsalawo dzazani ndi chimene mtima wanu ukufuna. Wofuna udokotala amene watenga kemistiri, bayoloje ndi mbiri yakale salakwa m'masukulu ambiri. Koma ngati mwapeza kuti kosi imene mukuilota ikufuna masamu apamwamba ndipo masamuwo amakudwalitsani mutu, khalani pansi muganizenso za kosiyo, chifukwa mukalowa masamuwo adzachuluka, sadzachepa.

Nanga mayeso apakhomo a ku Britain ndi otani?

Awa simusankha nokha. Kosi ndi imene imakuuzani oti mulembe, ndipo cholakwa chofala n'kungowaiwala. Kulembetsa kwake n'kosiyana ndi fomu ya UCAS yopemphera malo ku mayunivesite a ku Britain, ndipo nthawi zambiri kumatsekedwa tsiku la fomulo lisanafike. Munthu amene sanalembe mayeso ofunikawa pempho lake limangogwera m'madzi.

Ofuna udokotala amalemba UCAT, popeza BMAT imene ena ankalemba inatha pambuyo pa 2023. Ofuna zamalamulo ku Oxford, Cambridge ndi mayunivesite ena angapo amalemba LNAT, ya mafunso 42 pa ndime zoti awerenge, kenako nkhani yolemba m'mphindi 40. Ofuna uinjiniya ndi sayansi ku Cambridge ndi Imperial College London amalemba ESAT, imene inayamba mu 2024. Ofuna zamakompyuta kapena zachuma ku Cambridge amalemba TMUA, ndipo ofuna digiri ya masamu kumeneko amadikiridwa ndi STEP mu Juni, atalonjezedwa kale malo.

Mayesowa safunsa zinthu zachilendo, koma amafunsa mwachilendo. TMUA ili ndi mapepala awiri, lililonse la mafunso 20 m'mphindi 75, popanda kalikuleta, ndipo lachiwiri limayesa kaganizidwe. Nachi chitsanzo chopepuka cha mzimu wake. Nambala iliyonse yogawika ndi 4 imagawikanso ndi 2. Kodi ndiye kuti iliyonse yogawika ndi 2 imagawikanso ndi 4? Amene anazolowera kuloweza amayamba kuyesa 8, 12, 16, n'kunena kuti inde. Amene anaphunzira kuganiza amafunafuna nambala imodzi yokha yogwetsa mfundoyo, amapeza 6, nkhani yatha. Mafunso enieni ndi ovuta kuposa apa, koma luso lake ndi lomwelo: kusiyanitsa chimene chatsimikizika ndi chimene chikungooneka ngati choona. Ana athu ambiri anakulira pa manotsi olembedwa pabolodi ndi mapepala akale oloweza, ndipo apa m'pamene amapunthwa ngakhale ali anzeru. Luso limeneli limaphunzirika, koma limafuna miyezi yolimbana ndi mafunso wekha usanayang'ane yankho.

Ndikachita bwino pang'ono pa pepala lina, ndingalibise?

Zimatengera kumene mukupempha. Pa fomu ya UCAS muyenera kulemba zotsatira zonse za mayeso amene munalemba, zabwino ndi zoipa zomwe. Ku America mayunivesite ambiri amalola munthu kusankha SAT ya tsiku limene akufuna kutumiza, ndipo ena amatenga malikisi apamwamba a gawo lililonse kuchokera m'masiku osiyana. Koma Yale, pa lamulo lake la mu 2024, inati amene wasankha kugwiritsa ntchito AP kapena IB m'malo mwa SAT atchule zotsatira za mapepala onse amene analemba. Ichi ndi chifukwa chinanso chosalembera mayeso mwa "tingoyesa". Kunama pa fomu kokha musayerekeze, chifukwa malo amalandidwa ngakhale munthu atafika kale.

Pamene mayeso ndi osakakamiza, yerekezani malikisi anu ndi amene yunivesiteyo imasindikiza a ophunzira ake, koma muganizirenso kumene mukuchokera. Malikisi amene ndi wamba kwa mwana wa sukulu yolemera ya ku New York atha kukhala odabwitsa akachokera ku sukulu ya boma ya ku Nsanje.

Zonsezi zimafuna ndalama zingati, ndipo ndiyambe liti?

Ndalama ndi zambiri, ndipo zimalipidwa mu madola kapena mapaundi kudzera pa khadi la kubanki, chinthu chimene kuno chimavuta ndalama zakunja zikasowa. Pepala limodzi la AP kunja kwa America limaposa madola 100. Onjezanipo thiransipoti yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, malo ogona, mayeso a Chingelezi, ndi intaneti yokonzekera. N'chifukwa chake banja liyenera kukhala pansi ndi mndandanda wa mayunivesite kaye, n'kulipira mayeso okhawo amene ali pa mndandandawo. Zokonzekera SAT zilipo zaulere pa Khan Academy ndi mu Bluebook momwemo, ndipo malangizo a maphunziro a ku America amaperekedwa kwaulere ndi EducationUSA kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo. Munthu wofuna kukulipiritsani ndalama zambiri polonjeza malo ku Harvard muthaweni, chifukwa palibe amene angalonjeze zimenezo.

Pa mbali ya fizi, mayunivesite ochepa monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Dartmouth ndi Amherst sayang'ana umphawi wa wopempha posankha, ngakhale akhale wa kunja, ndipo akamutenga amamuthandiza malinga ndi kusowa kwake. Ku Britain thandizo lotere kwa ophunzira a digiri yoyamba ochokera kunja ndi lochepa kwambiri. Banja limene lilibe chuma liganizire zimenezi lisanasankhe njira, chifukwa njirayo ndi imene imanena mayeso oti mwana alembe.

Za nthawi, werengani chobwerera m'mbuyo. Oxford, Cambridge ndi makosi a udokotala amatseka pa 15 Okutobala, pafupifupi chaka chathunthu maphunziro asanayambe, ndipo munthu sangapemphe ku Oxford ndi ku Cambridge chaka chimodzi. Ku America mapempho ofulumira amatseka cha pa 1 Novembala, ndipo ena ambiri kumayambiriro kwa Januwale. Ndiye kuti AP imene ingaoneke pa pempho lanu ndi imene munalemba mu Meyi wapitayo, ndipo kuti mulembe mu Meyi munayenera kupeza sukulu yolembera chaka chinacho chisanathe. SAT ilembedwe koyamba pakati pa Malichi ndi Juni, kuti ngati sizinayende mukhale ndi mpata wobwereza mu Ogasiti kapena Okutobala. Amene akulemba MSCE chaka chomwecho asaphatikize zonsezi pa nthawi imodzi. Amalize kaye mayeso a MANEB, ndipo miyezi yodikira zotsatira aigwiritse ntchito pokonzekera SAT ndi kufufuza malo olembera AP.